Amene Anabwerera Kukatenga Mnzake

Mlimi wa fodya ku Kasungu saiwala mtengo. Mukakhala naye pansi pa Chinkhoma, pa Santhe kapena pa Chatoloma n'kumufunsa za msika wa 2019, akuuzani mabelo amene anatumiza, amene anabwezedwa, masenti amene ogula anaika pa kilogalamu, ndi kandalama kamene kanatsala atadula ngongole ya feteleza ndi ya galimoto. Koma mufunseni za chinthu china chimene chinachitika chaka chomwecho, m'mwezi wa Meyi msika uli mkati, pamene dzina la mnyamata wa kuno ku Malawi linatchulidwa ku New York pamaso pa akazembe a mayiko. Ambiri apukusa mutu. Ena anena kuti anamvapo pa wailesi koma dzinalo lawathawa. Dzinalo ndi Chancy Chitete, ndipo chimene chimandivuta n'chakuti limatithawa msanga chotere chifukwa chiyani.

Chitete anali msilikali wa Malawi Defence Force wa udindo wa Private, ndiye kuti wa pansi penipeni, wopanda nyota ndi imodzi yomwe. Mu 2018 anali kum'mawa kwa Congo, m'dera la Beni, m'gulu la United Nations limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndi asilikali a mayiko atatu, Malawi, Tanzania ndi South Africa. Gululi linali losiyana ndi osungitsa mtendere amene tinazolowera, ongoima pakati pa omenyana. Ili linapatsidwa chilolezo chokasaka zigawenga komwe zabisala. Adani awo ku Beni anali a ADF, zigawenga zimene zinayambira ku Uganda m'ma 1990 n'kudzakhazikika m'nkhalango za Congo, zodziwika ndi kulowa m'midzi usiku n'kupha anthu ndi zikwanje. Mu Disembala 2017 zinali zitapha asilikali a Tanzania 15 pa msasa wa Semuliki. Ngati kuti zimenezo zachepa, mu Ogasiti 2018 kunabuka Ebola, ndipo azachipatala ankalephera kufika kwa odwala chifukwa cha mfuti.

Pa 14 Novembala 2018, pa ntchito imene anaitcha Usalama, asilikali a Malawi ndi a Tanzania, pamodzi ndi a Congo, analowa m'nkhalango cha ku Kididiwe kukagumula misasa ya ADF. Anakumana ndi moto woopsa. Gulu la Chitete linaima nji n'kumawombera kuti anzawo apeze mpata wofika pamalo otetezeka. Isanakwane nthawi yoti nawonso abwerere, Chitete anaona Kopolo Ali Khamis Omary wa ku Tanzania ali thapsa pambalambanda, atavulala kwambiri, zigawenga zikuyandikira. Anapita. Anamukoka zipolopolo zikuvumba mpaka kufika naye pobisika, nayamba kumupatsa chithandizo. Ali mkati mothandiza mnzakeyo, chipolopolo chinamupeza iye. Omary anapulumuka. Uthenga umene unafika kuno masiku amenewo unati aphedwa asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania.

Pa 24 Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wa malemuyo mendulo yotchedwa Captain Mbaye Diagne. Diagne anali kaputeni wa ku Senegal amene mu 1994, pa nthawi ya chipolowe cha ku Rwanda, ankanyamula anthu pa galimoto yake, opanda mfuti m'manja, n'kuwadutsitsa pa zipata za akupha, ulendo ndi ulendo, mpaka anapulumutsa mazanamazana, iye n'kufa ku Kigali pa 31 Meyi chaka chomwecho. Menduloyi inakhazikitsidwa mu 2014, ndipo yoyamba inapita ku banja la Diagne mwini mu 2016. Kuchokera pamenepo inakhala osaperekedwa kwa wina aliyense, ngakhale osungitsa mtendere anali zikwizikwi m'mayiko ambiri, mpaka pamene anaipereka kwa Private wa ku Malawi. Mwa onse amene anavalapo chipewa chabuluu, woyamba kuyezedwa n'kupezeka wokwana pa muyeso wa Diagne anali wathu.

Ndikamalingalira zimene anachita, chimene chimandigwira mtima si kulimba mtima kokha ayi. Ndi munthu amene anamubwererayo. Omary sanali mbale wake, sanali wa kwawo, sanali ngakhale wa gulu lake. Anali Mtanzania, wa dziko limene mu 2012 tinkakokana nalo pa wailesi za mwini nyanja, ena mpaka kumalankhula za nkhondo. Ndipo tikabwerera m'mbuyo zaka 104, pa 9 Seputembala 1914 ku Karonga, agogo a anyamata awiriwa anali kuwomberana, awa atavala yunifolomu ya Mngelezi, awo ya Mjeremani, pa mkangano umene palibe mwa iwo anauyambitsa. M'nkhalango ya Beni zonsezo zinalibe ntchito. Panali munthu wogona pansi, ndipo wina anamuona.

Koma tsiku limenelo anafa Amalawi osachepera 6. Enawo anafa bwanji? Kodi pakati pawo panalibe wina amene anatsala m'mbuyo dala kuti anzake athawe, kapena amene anagwa atasenza mnzake? Onse amene amafera pa ntchito ya United Nations amapatsidwa mendulo ina, ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu uja anafera pa ngozi ya ndege ku Ndola mu 1961 ali pa ulendo wa nkhani za Congo yemweyu. Imeneyo ndi ya onse. Ya Diagne inapita kwa mmodzi, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti amene anamupulumutsayo anakhala ndi moyo n'kufotokoza. Omary akanafera m'manja mwake, ntchito ya Chitete ikanakhala yomweyo, osachepa ndi pang'ono pomwe, koma mwina bwenzi tikungomuwerenga kuti mmodzi mwa 6. Kulimba mtima kumachitika m'kanthawi kochepa, m'tchire, popanda oonerera ambiri. Kuti kufike pa chifuwa cha munthu kapena m'manja mwa mkazi wamasiye, pafunika mboni, pafunika wolemba, pafunikanso wina wosatopa kukumbutsa akuluakulu.

Apa m'pamene nkhani za ku America zimandiphunzitsa kanthu. Kumeneko mendulo yapamwamba ya kunkhondo ndi Medal of Honor. Inayamba pa nkhondo yawo yapachiweniweni ya m'ma 1860, ndipo mwa mamiliyoni amene avalapo yunifolomu ya dzikolo, oilandira angopitirira pang'ono 3,500. Pulezidenti mwini ndiye amaiveka m'khosi mwa munthu. Woilandira amalandira penshoni yapadera moyo wake wonse, ndipo mwa mwambo wawo ngakhale mkulu wa asilikali amayamba ndiye kumuchitira sawatcha. Koma isanaperekedwe, amafuna umboni wolumbirira wa anthu amene anaona ndi maso awo, ndipo mapepala amayenda maofesi ambiri.

Pa 17 Okutobala 2005, pafupi ndi Samarra ku Iraq, galimoto yankhondo ya mtundu wa Bradley inaponda bomba n'kugwira moto. Sajeni Alwyn Cashe, munthu wakuda wa ku Florida, anatulukamo osavulala kwenikweni, koma yunifolomu yake inali itanyowa ndi mafuta. Anabwerera kumotoko. Zovala zake zinayaka ali m'thupi, iye osaleka, kulowa ndi kutuluka, mpaka anatulutsa asilikali anzake 6 ndi womasulira wawo. Anapsa magawo 72 mwa 100 a thupi lake, ndipo anamwalira m'chipatala ku Texas pa 8 Novembala. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambiwu ndi wanzeru, koma uli ndi mawa mkati mwake, uli ndi kubwezerana. Cashe polowa kachitatu m'galimoto yoyaka, ndi Chitete pothamangira kwa Mtanzania uja, sankawerengera mawa lililonse.

Poyamba Cashe anapatsidwa Silver Star, yachitatu kuchokera pamwamba. Mkulu wa gulu lake, Gary Brito, ndiye analemba pempholo, ndipo pambuyo pake anazindikira kuti analemba asanamve zonse, popeza mboni zenizeni zinali zitathamangitsidwa ku zipatala. Ndiye anayamba kusaka mbonizo mmodzimmodzi, kusonkhanitsa umboni, kulemba, kubwezedwa, kulembanso. Mlongo wake wa malemuyo naye sanagone. Nthawi yovomerezeka ya zaka 5 itadutsa, nyumba yawo ya malamulo inachita kupanga lamulo lapadera mu 2020 lomutsegulira khomo. Pa 16 Disembala 2021 Pulezidenti Joe Biden anapereka Medal of Honor kwa mkazi wake, patatha zaka 16. Anali munthu wakuda woyamba kuilandira pa nkhondo za pambuyo pa Vietnam.

Ndipo aka sikanali koyamba kukonza zakale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu akuda oposa miliyoni anavala yunifolomu ya America, koma nkhondo itatha panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa menduloyi. Mu Januwale 1997 Bill Clinton anaipereka kwa 7 a iwo, ndipo wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker. Henry Johnson, amene anamenya nkhondo ku France mu 1918 n'kufa wosauka, yake inatuluka mu 2015. Sindikutamanda nkhondo za America. Ya ku Iraq ija inayamba ndi nkhani ya zida zoopsa zimene sizinapezeke, ndipo tsankho limene linachedwetsa mendulo zimenezi ndi lawo lomwe. Chimene ndimasirira ndi khama la anthu wamba akumeneko, alongo, adzukulu, asilikali opuma, amene amagwira mlandu wa munthu wakufa osausiya. Amati mlandu suwola ndife, koma ochita zimenezo ndi iwo.

Ife timadziwa kuika maliro. Pa zimenezo palibe angatiphunzitse. Mudzi wonse umasiya makasu, adzukulu amakumba, amayi amagona pa siwa, ndipo ngati ndi msilikali kumabwera lipenga, mbendera ndi mfuti zowombera m'mwamba. Koma tikasesa, nkhani yathera pomwepo. Mwina china n'chakuti ife a ku Kasungu, ndi dziko lonse, tinakula zaka 30 ungwazi uli wa munthu mmodzi, wa kwathu konkuno, ndipo sitinazolowere kuimika msilikali wopanda nyota kutsogolo kwa mtundu.

Ndili mwana m'ma 1980, m'mudzi mwathu munali nkhalamba ina imene onse ankangoitchula kuti a Sajeni. Anali wa Keyala, gulu la King's African Rifles, anapita ku Burma mu 1944. Ankalima fodya pakamunda kawo, ndipo nthawi yosankha ife ana tinkakhala nawo m'chigafa, kuwapatsira masamba, iwo akuwatambasula pabondo, kuyang'ana mtundu ndi utali, uyu kuno, uyu uko. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Mendulo zawo ankasunga m'kachitini ka tiyi, zitakulungidwa m'kansanza, ndipo ankazivala pa jekete limodzi lomwelo pa 6 Julaye ndi pa maliro a mnzawo wa kunkhondo. Imodzi inali nyenyezi ya nsonga 6, ya mtundu wa mkuwa, yolendewera pa kansalu kofiira pakati, m'mbali mwake muli mizere yabuluu ndi yachikasu chodera. Tsiku lina mvula itatitsekera m'chigafamo, anatuma mdzukulu wawo kukatenga kachitiniko, natilola kuzigwira.

"Agogo, munapha angati kuti akupatseni zimenezi?" anafunsa mnzanga wina wopanda manyazi.

"Iwe mwana, sankha fodya."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anatembenuza nyenyezi ija kuti tione kumbuyo. Kunali see, kopanda chilembo.

"Mwaona? Palibe dzina. Izi amapatsa aliyense amene anafika kumeneko n'kubwerako. Ukataya, wotola ndiye mwini. Oyenera zenizeni anatsala komweko."

Ndipo anatiuza za chigwa cha Kabaw, kumene mvula sinkakata, matope ofika m'mawondo, misundu yolowa m'jombo, malungo ogwetsa amuna kuposa zipolopolo za Ajapani. Anati malungowo atawagwira iwo pa ulendo, miyendo itakana, mnyamata wina wa ku Mulanje anawabereka kumsana, mfuti ziwiri zili pakhosi pake, mpaka pamene panali madokotala. Patapita masabata ochepa mnyamatayo anaphedwa pa phiri lina. A Sajeni ankadziwa dzina lake, ndipo analitchula tsiku limenelo. Ife tinali ana, maso athu anali pa mkuwa wonyezimirawo. Iwo anamwalira, jekete linagawidwa, ndipo m'mudzi monse lero mulibe angalitchule dzinalo. Kwawo ku Mulanje mwina anangolandira uthenga woti wafa, osadziwa kuti ku Kasungu kuli mbumba yathunthu imene ilipo chifukwa cha msana wake.

A Sajeni sananame za mendulozo. Nyenyezi ya Burma ndi zinzake zinali zosonyeza kuti munthu analiko, ndipo Angelezi ankazipereka zopanda mayina. Za kulimba mtima zinalipo, ndipo asilikali ena a Nyasaland anazilandira, koma yapamwamba penipeni, Victoria Cross, palibe msilikali wakuda wa King's African Rifles anaigwirapo, kuyambira pamene gululi linakhazikitsidwa mu 1902 mpaka pamene linatha. Dzina la kambi ya asilikali ya ku Zomba, Cobbe Barracks, ndi la Alexander Cobbe, Mzungu amene anailandira chifukwa cha nkhondo ya ku Erego ku Somaliland mu Okutobala 1902, akutsogolera asilikali ochokera kuno. Mwa zimene anamutamanda nazo munali kupita pakati pa moto kukatenga munthu wovulala. Sindikumulanda ulemu wake, anauyenera. Koma tsiku limenelo sanali yekha, ndipo ndikukayika ngati mwa anyamata onse a kuno amene anayenda ku Somaliland, ku Moyale, ku Abyssinia, ku Madagascar, ku Burma ndi ku Malaya munalibe mmodzi wochita zofanana. Panalibe wowalembera.

Ngakhale pa malipiro muyeso unali wokhota. Mapepala a boma la Britain amene atolankhani anawaulula mu 2019 anasonyeza kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito ngati ndalama yothokoza, pamene wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa masheleni 3 ndi theka. Nanga tikanena za nkhondo yoyamba, imene agogo athu ankaitcha ya chiwaya? Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, anthu ogwidwa m'midzi kukasenza katundu pamutu mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri n'kufera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Chipilala cha Keyala cha ku Zomba chili ndi mayina a asilikali. Amtengatenga ambiri alibe ngakhale manda odziwika. Mu Epulo 2021 bungwe loyang'anira manda a kunkhondo la Commonwealth linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi Azungu. John Chilembwe anaziona zikubwera. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno akutengedwa kukafera nkhondo yosawakhudza, ndipo chimene adzasiye ndi akazi amasiye ndi ana amasiye basi.

Zonsezo tingaloze chala Atsamunda, ndipo n'zoona. Koma Atsamunda anachoka mu 1964. Anyamata amene anafa akulondera njanji ya Nacala kumapeto kwa ma 1980 anatumidwa ndi boma lathu. Amene anapita ku Rwanda, ku Ivory Coast ndi ku Congo ndi athu, otumidwa ndi ife. Ndani m'midzi yawo analemba zimene anachita? Chodabwitsa n'chakuti kusunga mbiri timakutha bwino tikafuna. Belo lililonse lochoka kuno limapita ku okushoni ndi tikiti yake: nambala ya mlimi, kulemera kwake, giredi yake, mtengo wake, ndipo likasowa mwini wake amagona pa depoti mpaka lipezeke, chipepala cha malonda n'kuchisunga pansi pa mphasa zaka ndi zaka. Munthu amene anachoka m'mudzi womwewo kupita kunkhondo alibe tikiti yotere kwa ife.

Ndikudziwa zimene ena anganene, chifukwa ndazimva pa bawo ndi m'maminibasi. Amati mendulo sadya. Amatinso anyamatawa sapita ku Congo chifukwa chokonda mtendere wa Akongo, amapita chifukwa cha alawansi, kuti akabwera amange nyumba ya malata, agule kagalimoto, alipirire azing'ono awo sukulu. Sinditsutsa. Aliyense amene anaonapo khamu la achinyamata pa boma tsiku lolemba asilikali amadziwa chimene chawabweretsa. Ambiri ndi ana a alimi ndi a matenanti, amene anaona bambo awo akuthirira nazale kuyambira Seputembala, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kusankha, kudinda, chaka chathunthu, mapeto ake n'kubwera ku msika ndi ngongole. Mwana woteroyo akasankha yunifolomu sindingamufunse chifukwa. A Sajeni nawo ankanena poyera kuti anapita ku Keyala pothawa msonkho ndi kusirira jombo.

Koma alawansi imalipira kupita. Simalipira kubwerera m'mbuyo pamene anzako akuchoka. Chitete akanatsatira gulu lake pa nthawi yake, palibe mkulu wa asilikali akanamuimba mlandu, ndipo ndalama yake akanalandira yonse, nyumba n'kumanga. Mamita ochepa amene anathamanga kupita kwa Omary sanali pa kontirakiti ya munthu aliyense. Ndiye amene amati anapita chifukwa cha ndalama akunena zoona za ulendo wa ku Congo, koma za mphindi imene ija sakunenapo kanthu. Ndipo kunena kuti mendulo sadya ndi chifukwa chofunsira boma kuti mabanja a anyamatawa akulandira zawo mu nthawi yake, osayenda maulendo khumi ku maofesi. Si chifukwa choiwalira dzina.

Funso la Chilembwe nalo silinathe. Kodi ana athu akufunanji m'nkhalango za Congo? Ena amati moto wa kwa mnansi ukausiya umafika padenga pako, ndipo anthu a ku Beni ophedwa ndi zikwanje ndi anthu ngati ife. Ena amati nkhondo ya Congo ndi ya migodi ndi ya mayiko oyandikana nayo, ndipo Mmalawi akungoikidwa pakati. Mu Januwale 2025 asilikali athu ena 3 anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma, ali m'gulu la SADC, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analamula kuti asilikaliwo akonzekere kubwerako. Ine maganizo anga ndi akuti funsoli liyenera kufunsidwa mokweza, m'nyumba ya malamulo, ndege isananyamuke. Koma kulifunsa sikuchotsa kanthu pa zimene msilikali wachita atafika. Munthu angadane ndi nkhondo ya ku Iraq n'kuvulabe chipewa akamva za Cashe. Mlandu wa nkhondo ndi wa otuma. Zimene wotumidwa wachitira mnzake ndi zake.

Lamulungu lachiwiri la Novembala akuluakulu amaika nkhata pa zipilala ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, nkhalamba zotsala za Keyala zitakhazikidwa pamipando kutsogolo, aliyense atabaya kaduwa kofiira pachifuwa. Ndi mwambo wabwino, koma kuno umatifika ngati phokoso la pa wailesi. Novembala ndi mwezi umene mlimi wa fodya sakhala pansi: nazale ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo, mizere ikudikira, maso ali kumwamba kuyang'ana mvula yoyamba, feteleza sakuoneka. Komabe si kuti zankhondo n'zachilendo kwa ife. Mganda umene anyamata amavina pa Khirisimasi, ndi makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka ndi mabaja olira ngati malipenga, unachokera pa perete wa asilikali amene agogo athu anaona. Tinasunga mayendedwe awo, tinasunga kavalidwe kawo. Anthu ake ndiwo tinawataya.

Sindikupempha chipilala china, simenti yadula. Ndikupempha zinthu zimene tingathe tokha. Olemba mabuku a sukulu aike nkhani ya Chancy Chitete pamene mwana wa pulayimale angaipeze, ndi mayina a anzake amene anafa naye tsiku limenelo, onse, osati kungoti ndi ena. Makhansala athu, amene sasowa dzina la wandale akafuna kutcha msewu kapena mlatho, akumbukire kuti kulinso mayina ena. Ndipo inu mafumu, aphunzitsi aakulu, akulu a mpingo ndi mashehe a m'midzi ya Kasungu, gulani kope limodzi lachikuto cholimba. Lembani aliyense wa m'mudzi mwanu amene anapita kunkhondo, kuyambira a mtengatenga amene adzukulu awo akukumbukirabe: dzina, mfunda, chaka, kumene anapita, ngati anabwerako kapena ayi. A ku Burma atsala owerengeka, koma a ku Nacala, a ku Ivory Coast ndi a ku Beni tili nawo, tikupemphera nawo ndi kugula nawo feteleza. Pitani mukacheze nawo adakali moyo. Musawafunse kuti anapha angati. Afunseni amene anawanyamula, ndipo dzinalo mulilembe.